Mtengo Umaolera M'khosi

Ndalama zanga zitatuluka ku esiteti,
zaka makumi awiri ndi zinayi za dengu kumsana,
ndinati ndiyambe ndi mpanda.
Mbuzi za a Mukhito zinali zitandidyera nandolo
zaka zitatu zondondozana,
ndipo mbuzi siimva chisamani.

Alangizi anabwera osaitanidwa.
Alamu anga a Muhiwa,
amene sanakhomepo ngakhale khola la nkhunda,
anati: gulani wonenepa, mtengo ndi thupi.
Ndinagula bulugamu wonga ntchafu,
wodulidwa dzulo lake,
anyamata awiri akubuula pomutsitsa pa njinga.
Kulemera kuja ndinkati ndi mphamvu.
Anali madzi.
Ndinagula madzi, ine mwana wa ku Mulanje,
kumene madzi amagwa aulere.

Pachipata ndinkafunapo zaulemu.
Mnyamata wa pa Chitakale, wachipewa chofiira,
anacheuka uku ndi uku, natsitsa mawu:
mayi, uwu ndi mkungudza weniweni, watsika usiku,
chiswe chikaununkhiza chimasamuka mudzi.
Ndinanunkhiza. Fungo linalidi la kuphiri.
Mvula yoyamba inatsuka fungolo
n'kusiya paini wamba, woyera ngati chinangwa.
Kaya anapakapo chiyani.
Sindinadandaule kwa munthu;
wogula zobisa salira mokweza.

Amisiri anathira simenti m'dzenje lililonse
ati nsanamira zivale nsapato.
Penti wobiriwira ndinapaka ndekha,
kawiri, kulekezera pamene maso amaona.
Opita kuchigayo ankatula matumba n'kuima.
Wina anafunsa ngati pakubwera ofesi.

Chiperoni sichichita phokoso.
Chimafika ngati mlendo wamanyazi
n'kukhala sabata yathunthu,
kulowa m'ming'alu, kutsetsereka kuseri kwa penti,
kukagona m'nsapato za simenti zija
momwe mulibe khomo lotulukira.
Nacho chiswe sichinafunse mtengo wa penti.
Chinadzera pansi, chinadya m'kati,
n'kundisiyira khungu lobiriwira lili chiimire
ngati yunifolomu yopanda mlonda.

Chaka chachitatu, mvula ili pakati,
mbuzi imodzi yabere
inangotsamira kuti idzikande.
Mpanda unagwada.

Sunathyoke kumutu kumene dzuwa limawomba,
kapena kunsi kwenikweni m'dothi.
Unathyoka m'khosi,
pamene nthaka imakumana ndi mpweya,
pamene palibe anandiuza kuti ndiziyang'anapo.
Ndinapisapo chala:
zofumbutuka, zonyowa,
ngati masamba a tiyi otsala m'ketulo.
Pakati penipeni pokha panatsala kamtima kofiirira,
kochepa ngati mpini wa khasu la mwana,
kolimba gwa.
Mnofu woyera wonse uja ndinaulipira uja
unali ndiwo za eni nthaka.

Koma pali pangodya, kuseri kwa bafa,
pamene ndalama zinathera mpanda usanakumane.
Pamenepo ndinazikapo nthambi ya kachere,
yokhota, imene ana anathyola posewera,
kuti igwirizire mpaka ndigulitse nanazi.
Sinalawe penti kapena simenti.
Alendo akabwera ndinkaima patsogolo pake.

Lero ili ndi masamba.
Waya uja yamumeza, ali m'kati mwa khungwa,
ndipo ndikamachapa ndimakhala mumthunzi wake.
Chiswe chimadutsa patsinde ndi katundu wake
osapatuka.

A Muhiwa anabwera Loweruka.
Anazungulira bwinja la mpanda manja ali kumbuyo,
kugogoda apa, kugwedeza mutu apo.
Akuti tinalakwitsa posapaka oilo wakuda wa galimoto,
akuti akudziwa munthu wina ku Luchenza
amene angatichitire mtengo wabwino.

Ndinawapatsa mpando pansi pa kachere.
Atapuma, atamwa madzi,
ndinawapatsanso chikwanje:
nthambi khumi ndi ziwiri, alamu,
zotalika ngati inuyo,
zokhota zomwezo musazisiye,
tizike mvula isanathe.