Mumakhala Kuti?

Kalaliki wa pa Central wafunsa osadzutsa mutu:
"Mayi, mumakhala kuti?"
Cholembera chili m'mwamba, chikudikira liwu limodzi.

Ndinene Jali?
Kumeneko kukukhala mbuzi zanga ziwiri
ndi loko pachitseko.
Ndinene Chikanda, kumene tinachita lendi zaka zinayi
mpaka Likangala analowa m'nyumba osaodira?
Tinkangogonako. Sitinakhaleko.

Masabata asanu tsopano ndikukhala pabenchi ili,
moyang'anana ndi wodi ya abambo.
Thabwa lake landizolowera.
Chifunga chikatsika m'phiri mamawa
chimandipeza pompano,
chitenje kumutu, fulasiki pamiyendo.

Mwanawe, liwu limeneli n'lotakata.
Munthu amakhala pansi, amakhala ndi ngongole,
amakhala chete adokotala akamadutsa.
Ine ndakhala ndi Che Mdoka zaka makumi atatu,
ndipo usiku wathawu andinong'oneza:
"Abiti Sumani, kodi ndikhala?"
Ndangowafunditsa bulangete.

Kalaliki wagogoda tebulo. Mzere watalika kumbuyoku.
"Lembani Jali," ndatero,
poti kabokosi ka pafomupo n'kakang'ono,
simungakwane bedi nambala 14
ndi munthu amene akupumabe pamenepo.