Imazima Ikafuna

Kachitatu sabata ino
Mayi Ramaboa abwera ndi Corolla yawo kuno ku Jeppe,
kuseri kwa shopu ya mipando yakale
kumene ine ndi Bwanali timabwereka mthunzi wa khoma.
Akuti imazima.
Osati tsiku lililonse, ayi,
imazima ikafuna:
pa loboti ya ku Booysens, dzuwa lili paliwombo,
matekisi kumbuyo akuwaimbira hutala
ngati anawadyera ngongole.

Ndapotokola kiyi, yalira bwinobwino.
Ikundiyang'ana ndi maso ake awiri
ngati mwana amene thupi lazizira
atangoona geti la chipatala.

Lolemba ndinati ndi mapulagi, tinasintha.
Lachitatu Bwanali analumbira pali mayi ake ku Namwera
kuti ndi pampu ya petulo.
Tinakagula ina mumsewu wa Jules.
Ndalama zinapita, nthenda inatsala.
Mafyuzi onse ngamoyo. Batire lakhuta.

Chakufa sichivuta,
umachiona, umachitaya, umagula china.
Chovuta ndi ichi chomafa n'kudzuka,
chokupatsa moni m'mawa
masana n'kukukana pagulu.

Lero ndaisiya ilire mpaka itenthe.
Ndayala katoni pa phula, ndagona chagada,
mphepo ya Julaye ikulowera m'miyendo ya ovolosi,
tochi ndaluma kukamwa.
Ndikugwedeza mawaya, umodzi umodzi,
wofiira, wachikasu, wamizere yobiriwira,
kuwafunsa ngati wapolisi wofuna mapepala:
iwe ukuchokera kuti, ukupita kuti,
wakutuma ndani?
Onse akuyankha mwaulemu.

Kenaka chala chakhudza wakuda uja,
wa ethi, wobisala kuseri kwa injini
kumene dzanja limalowa litasiya khungu pakhomo.
Injini yatsokomola.
Ndamusiya, yapuma bwino.
Ndamukhudzanso. Zii.

Bwanali, bwera udzaone mfiti yako!

Kunja ngosalala, alibe bala,
ukanati anagulidwa dzulo.
Ndamusenda ndi mpeni:
m'kati mwaola, mwabiriwira,
tatsala timinga tiwiri tokha
togwirana kukazizira,
totayana kukatentha.

Mayi Ramaboa akagwira m'manja, aseka.
Kawaya aka basi?
Malandi mazana awiri, akuti ndi ambiri kale.
Sindinawauze kuti sakulipira kawayako,
akulipira masiku atatu a msana wanga pa phula.
Ndangoti zikomo m'chilankhulo chawo
chimene ndimachidziwa theka.

Usiku ku Bertrams, m'chipinda cha anthu asanu,
magetsi athima. Ndakhala pa sitepe,
ndaimbira Asiyatu.
Mukundimva? Ndikukumvani.
Feteleza wakwera, denga la kukhitchini likudontha,
mwana wayamba sukulu, bwera ulankhule ndi bambo ako.
Kupuma kokha kukumveka.
Akuchita manyazi, akutero mayi ake,
chaka chino mubwe...
Zii.

Ndiimbanso. Yalowa.
Mumati chiyani?
Palibe, mugone bwino.

Zaka zisanu ndi chimodzi.
Ndalama ndimatumiza mwezi ndi mwezi,
pa chithunzi tonse tikuseka,
aliyense woona angati palibe bala.

Kawaya kaja kali m'thumba, sindinakataye.
Ndikukapinda mumdima, ndikukawongola,
ndikumva ndi chala pamene panatsala pang'ono.
Mawa kukubwera Polo ya mnyamata wa ku Soweto,
akuti nyali zake zimaphethira mvula ikagwa.
Ndamuuza abwere nayo m'mamawa.
Mvula kuno sigwa mpaka Okutobala.