Ndinu Yani?

Asiyatu waimbanso, kachinayi lero.
Akuti: Imedi, andiiwalanso makina akowa.
Ndalemba alimi makumi atatu ndi asanu ndi awiri,
dzina, mudzi, matumba a nandolo,
ndadina kuti ndisunge,
basi tsamba lonse mbee,
nkumandifunsa mawu achinsinsi
ngati mlendo wongotsika minibasi ya ku Namwera.

Ndakwera kabaza, tawoloka Shire,
laputopu ikundiwotcha msana.
Dzuwa la Okutobala kuno silinyengerera munthu.
Mu ofesi ya kopaletivi fani ikupukusa mutu
kukaniratu zonse zimene ndabwera kudzanena.
Pakhonde, Che Mdoka a ku Chowe
akudzikupiza ndi chipewa.
Aka nkachiwiri kutsika phiri
kudzatchula dzina lomwelo.

Ndiyamba monga timayambira tonse,
kuloza chala ena:
netiweki, bulawuza, zala za Asiyatu.
Iye osayankha. Wangondikankhira mpando.

Ndalowa.
Moni Imedi, atero makina.
Ndadina tsamba lachiwiri.
Ndinu yani?

Ine amene ndinakulemba usiku ndi usiku
udzudzu ukundidya akakolo,
lero ndine yani?

Ndatsegula khodi, mzere ndi mzere,
ngati kusankha timiyala mu mpunga.
Palibe kamwala.
Ndatsikira kumene seva imasunga masesheni,
ndipo si awa! Onse alipo,
a Lolemba, a dzulo, anga a pompano,
ali ndanda ngati nsapato pakhomo la mzikiti
eni ake atatulukira khomo lina.

Ndiye kuti seva sinataye munthu.
Chatayika ndi kachiphaso,
kaja amakupatsa ukasungitsa njinga pamsika
kuti pobwera usachite kulumbira kuti ndi yako.
Ndapisa m'thumba la bulawuza: mulibe.
Ndalowanso, maso tong'o,
kuti ndikaone kakuperekedwa.
Kaperekedwadi.
Koma tsiku lake lothera ntchito
ndi la chaka chimene Asiyatu anali Sitandade 4.

Ndagwada pansi pa tebulo.
Seva ili phee m'fumbi, pafupi ndi ndowa ya mopu.
Magetsi anathima Lamulungu usiku, akutero mlonda.
Kabatire ka m'kati, kochepa ngati ndalama yachitsulo,
kanafa kalekale osauza munthu,
ndipo makina podzuka anaiwala tsiku,
nkubwerera ku chaka chimene anabadwa.

Sanali kunama ayi.
Amauza aliyense mokhulupirika:
chiphasochi chikhala maola awiri kuchokera tsopano.
Kungoti tsopano wawo
anadutsa zaka khumi ndi zisanu zapitazo.
Chiphaso chilichonse chimabadwa chitafa kale,
bulawuza nkuchitaya osadandaula.

Ndaseka ndekha pansi pa tebulopo,
kangaude ali m'tsitsi.
Masiku atatu ndakhala ndikusaka mbala
pomwe vuto ndi wotchi.

Kabatire ndakagula kwa wokonza mawotchi
kuseri kwa ogulitsa usipa,
wandipatsa atakulunga m'pepala la nyuzi.
Ndakaika. Ndakonza nthawi.
Ndalangiza seva kuti ikadzuka
izifunsa kaye anzake kuti kunja kwacha liti
isanayambe kulonjeza anthu.

Yesa, ndatero.
Asiyatu walowa. Tsamba loyamba. Lachiwiri.
Wadikira dala, wamwa madzi,
wadina lachitatu.
Moni Asiyatu.

Mayina makumi atatu ndi asanu ndi awiri aja
sanabwerere.
Anathera panjira, pakati pa chala ndi seva.
Ndayamba kupepesa,
iye watulutsa kope lachikuto cholimba m'kabati:
onse ali mmenemo, ndi bolopeni yofiira.
Kuyambira dzana, akuti, ndimayamba kuno.

Che Mdoka alowa, akhala.
Matumba asanu ndi anayi, atero asanafunsidwe.
Asiyatu walemba pa kompyuta, wasunga, zasungika.
Wandiyang'ana pang'ono,
kenako watsegula kope lija
nkulembanso.