Nsapato za Zulmira

Mufakitale yathu ku Felgueiras muli makina
opinda nsapato usana wonse,
kupinda, kuwongola, kupinda, kuwongola,
mpaka chikopa chitagonja kapena chitang'ambika.
Makinawo alibe chala chachikulu.
Sanatulukepo thuza.
N'chifukwa chake sindiwakhulupirira kwenikweni.

Ndinapempha Zulmira woperekera makalata
kuti andigawireko nsapato zake zakutha.
Anabwera nazo m'jumbo ya buledi, akuseka:
"Graciete, izi ngakhale galu wanga wazikana."
Zaka zitatu zikukwera chitunda cha Santa Quitéria
pa timiyala toyala tija, toterera mvula ikagwa.

Ndinazigoneka pathebulo n'kuzitumbula ndi mpeni.
M'katimo phazi linali litalembamo kale zake:
dzenje la chidendene lopendekera kunja,
posalala pomwe chala chaching'ono chinkadandaulira,
ndi khwinya limodzi lakuya.
Khwinyalo silinadutse molunjika
monga timajambulira ife papepala ndi rula.
Linayambira patsinde pa chala chachikulu
n'kutsetserekera cham'mbuyo, chopendekeka,
ngati kanjira ka munthu wodziwa kudula njira.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikujambula nsapato,
kani ndinkapinda pomwe phazi silipinda.

Usiku umenewo ndinavula masokosi m'khitchini
n'kuyenda pang'onopang'ono kuchoka pasinki kufika pakhomo.
Chidendene chimayamba ndicho kupereka moni pansi,
m'mbali mwa phazi mutsatira,
kenaka zala zimatambasuka, kugwira, kukankha,
dziko n'kutsalira m'mbuyo.
Mwamuna wanga anandiyang'ana, supuni ili m'kamwa,
koma sanafunse.

Zoyamba ndinazipepula kwambiri.
Soli yake inkapindika ngati tsamba la kabichi.
Zulmira anazibweza Lachinayi:
"Ndawerenga mwala uliwonse wa m'tauni muno,
ndipo ena ndawadziwa ndi maina."

Zachiwiri ndinalimbitsa kuchidendene,
kutsogolo ndinasema tingalande titatu m'labala,
topendekeka, kutsata khwinya lija.
Zinapindika bwino, inde,
koma kangalande kapakati ndinakakuya mopitirira.
Madzi a mu Novembala anapeza khomo.
Anabwera masokosi ali nyowe, osaseka.

Abílio, mwini fakitale, anandiimirira kumsana.
"Mpeni wa makina umadula mowongoka," anatero,
"wopendekekawo ndi wina wa kumanzere, wina wa kumanja.
Ukudziwa mtengo wake?"
Ndinamuuza kuti avule nsapato imodzi.
Anakana.
Ndinaona mmene amaimira, atakweza chala m'kati,
ngati munthu wobisa ngongole.

Zachitatu zinanditengera masabata asanu.
Ndinameta chikombole ndi tupa pamwamba pa zala,
ndinasamutsa msoko kuuchotsa popindikira
chifukwa ulusi ukakhala pakhwinya umaluma,
chikopa ndinachidula motsata mmene chimatamukira
chikadali pamsana pa ng'ombe.
Pakati pa soli ndinasiyapo pouma.
Phazi silifuna kuti zonse zikhale lobodo:
lifuna pena pomvera, pena pokana,
kuti likhale ndi chokankhira.

Zulmira anazitenga, ndipo sanabwerenso.
Sabata, masabata awiri, mwezi, zii.
Ndinkati wakwiya, kapena wagula za kumsika.

Ndinakumana naye Loweruka pafupi ndi positi ofesi,
chikwama paphewa, akudya mkate wa mazira.
Anandiuza za mwana wake amene ali ku Porto,
za galu woluma wa pa nambala sikisite,
za denga lake lodontha.
Ine maso anali pansi.
Pamwamba pa zala, chikopa chinali chitachita khwinya
pomwe ndinalisiyira malo,
chopendekeka.
Za nsapato sanatchuleko ngakhale liwu limodzi,
ndipo nane ndinaluma lilime.

Lolemba m'mawa ndinapeza jumbo pathebulo langa.
Munali nsapato zakuda, zaofesi, saizi fote-thuu,
yakumanja itatupa pa chala chachikulu.
Panalibe dzina.
Muofesi yagalasi, Abílio anali kalikiliki ndi mapepala,
atavala masilipasi.

Ndinanola mpeni.