Muyeso wa Chala

Tidatsika pa Chitakale chiperoni chitabisa phiri,
atatu ochoka ku yunivesite:
ine ndi bokosi la mawaya kukhwapa,
Nelifa ndi kope lake lotolera mawu,
ndi a Namaona, amene amawerenga khungu la munthu
monga ena awerengera nyuzipepala.

Kachipangizoko ndidakapanga ndekha.
Miyezi inayi ndikuwotcherera usiku mu labu:
singano yobuntha, kamota kochotsa mu foni yakufa,
manambala ophethira pa kagalasi.
Ntchito yake kugunda nsonga ya chala, pang'ono, pang'ono,
mpaka mwini chala avomere.

Woyamba pa benchi anali a Muhiwa,
othyola tiyi kuyambira ine ndisanabadwe.
Adapukuta dzanja pa ovolosi
nalipereka ngati chiphaso pa rodibuloko.
Chamkombaphala chakuda ndi utomoni wa masamba,
cholimba, chaming'alu ngati chidendene.

Ndidayatsa. Wani. Thuu. Faifi.
Mwamva kugunda?
Ayi.
Teni. Mwamva kugunda?
Ayi, mwanawe.

Ndidalemba pa fomu: samva.
A Namaona adawerama ndi galasi lawo lokuzira zinthu,
nanena za khungu lokhuthala,
za mitsempha yothawira pansi ngati mbewa m'chilimwe.
Ndidagwedeza mutu. Nambala ndi nambala.

Nelifa ndiye adandiwonongera tsiku.
Adatuluka, nabwera ndi masamba m'thumba la jekete,
nawapempha a Muhiwa kuti atsinzine.

Ili?
La dzulo ilo, lili lobodo.
Ili?
Lanthete, ukalipinda likuti tswa, lamwa mvula usiku.
Ili lakhakhala kunsi, tizilombo tayamba, mukawauze akapitawo.
Ili ndi nkhalamba, lili gwa, lingowawitsa kapu.
Kansonga aka kali ndi ubweya
wonga wa pakhosi pa khanda losatuluka m'chikuta.
Apa adakhala chete.
Adapitiriza kukasisita, ife osafunsa.

Fomu yanga inali ndi mabokosi awiri okha,
kusalala ndi kukhakhala.
Nelifa adadzaza mapeji anayi:
see, wofuwofu, teretere,
ena a Chilomwe amene adachita kufunsa kalembedwe kake,
ena opanda mtundu, ongotuluka pakati pa mano
dzanja likumalizitsa m'malere.

Tikulongedza, a Muhiwa adati,
Kanthu kanu kaja ndidakamva pa wani pomwe.
Nanga bwanji simudanene?
Mudafunsa za kugunda.
Kugunda ndi kwa chitseko, kwa mtima, kwa bingu.
Aka kamanyerenyetsa,
ngati nyerere yalowa m'malaya koma sinaganize zoluma.
Ndiponso kakutsimphina. Mukakaone kumanzere.

M'minibasi simudamveke mawu.
Minda ya tiyi inkadutsa pawindo, yometedwa bwino,
madengu akuyenda m'nkhungu pamisana ya anthu.
A Namaona ankatembenuza zikhatho zawo
ngati azibwereka kwa mnansi.
Nelifa ankayesa mawu aja chamumtima, milomo yokha ikugwedera.

Usiku ndidamasula kachipangizo.
Kumanzere, pansi pa kamota,
kawaya kamodzi kanali lende, kogwira ndi nyenyeswa ya mtovu.
Mita yanga idakaphonya miyezi inayi.

Ndidafufuta mawu aja pa fomu
mpaka pepala lidabooka.
Kenaka ndidakhala, magetsi atathima,
ndikupekesa chala chachikulu pa chamkombaphala,
pamene chitsulo chowotcherera chidandisiyira chipsera.
Pali kanthu kamene ndimamva pamenepo,
si dzanzi, si kuwawa, si kuyabwa.
Ndafunsa Chingerezi changa chonse cha m'kalasi, chakana.

Lachisanu tikubwerera ku Mulanje.
Funso loyamba ndapatsa Nelifa kuti alikonze.
Ine ndikakhala pa benchi,
ndikapereke dzanja.