Khutu la pa Chowe

Kiyi ndimasunga ine.
Kanyumbako n'kochepa kuposa bafa la kwathu,
kalibe zenera, kalibe mpando,
koma pansi pake, pa thanthwe lozizira,
anagonekapo khutu lachitsulo
limene silidziwa tulo.

Lolemba lililonse ndimakwera ndi kansanza m'thumba
kukapukuta sola imene anyani aipondaponda,
kuona ngati akuba sanalipeze batire,
kugwetsa chisa cha mavu pa loko.
Pakhomo ndimavula nsapato ngati ku mzikiti.
Che Imedi a ku Zomba anandichenjeza
kuti ngakhale chidendene changa chimalembedwa.

Limamva zonse khutuli:
lole ya simenti ikubuula pokwera ku Namwera,
ophwanya miyala akaphulitsa masana,
chivomezi chija chinagwetsa makapu kwa Abiti Sumani.
Mizere yake imayenda mumlengalenga
mpaka ku Zomba, kuchoka apo kutsidya kwa nyanja zamchere,
kwa anthu osadziwa kuti kuno chimanga chapserera.

Akuti chivomezi chimayamba n'kutsokomola,
chimang'ung'udza, chimakoka mapazi.
Bomba la nyukiliya silinena odi.
Limangoti phu! kamodzi, pansi pa chipululu cha eni,
thanthwe n'kuuza thanthwe linzake
mpaka mbiri ifike pa phiri la anyani lino.

Twaibu wanga, wa folomu thuu, anandiseka:
Amayi, ife machesi omwe timachita kupempha,
za mabomba a eni zatikhudza pati?
Ndinalibe yankho. Ndinapitiriza kusenda chinangwa.

Yankho linandipeza lokha pa ukwati wa mwana wa Che Bwanali
pamene shehe anafunsa kuti mboni zili kuti.
Anaimirira Che Mdoka osoka nsapato pa depoti,
jekete lobwereka, manja akuda ndi phula.
Palibe anawafunsa za ng'ombe kapena malata.
Chinafunika n'chakuti analipo,
ndipo makutu awo anamva.

Maiko analonjezana kuti sadzaphulitsanso.
Ena anasaina, ena akutafunabe cholembera.
Lonjezo likasowa wolimvera
limapita ndi mphepo ngati mankhusu,
ndipo mphepoyo sionetsa pasipoti pa Chiponde;
fumbi la poizoni likanyamuka
silifunsa kuti mwini mpunga uwu analakwanji.

Malipiro anga amachedwa, nthawi zina miyezi itatu.
Mawondo ayamba kukana phirili.
Koma m'kope ndimalembabe tsiku,
kenako mawu awiri: zili bwino.
Makope akwana asanu ndi limodzi tsopano,
onse odzaza ndi chinthu chimene sichinachitike.

Ndimatseka. Ndimavala nsapato patali.
Kumbuyo kwanga kanyali kobiriwira kakuphethira mumdima,
ndipo ndimatsika pang'onopang'ono, monyang'ama,
kuopa kusokoneza
amene akumvetsera.