Mng'alu wa M'tchalitchi

Ndinafika ku Valparaíso ndi sutikesi ya amalume
yomangidwa ndi chingwe cha ukonde,
nsapato zikununkhabe nsomba za ku Lebu.
Pachipata cha yunivesite mlonda anandifunsa dzina kawiri.
Griselda Antilef, ndinatero,
kachiwiriko mawu anatsakamira pakhosi.

Ndinene zoona, sindinadzere Mulungu.
Ndinadzera pepala la uinjiniya ndi malipiro ake,
kuti amayi asiye kusenda nkhanu ndi zala zotupa.
Belu la masana likalira, anzanga n'kuweramitsa mitu,
ine ndinkawerenga makobidi a buledi m'thumba.

Bambo Wenceslao, inu munkaphunzitsa za kulimba kwa zitsulo,
mkanjo wakuda uli mbuu ndi choko,
pachigongono posokedwa ndi ulusi wobiriwira.
M'kalasi simunalalikepo ndi tsiku limodzi lomwe.
Munkangobweza pepala langa lili psuu ndi inki,
pansi mutalemba kuti: werengeranso,
pamlathowu padzadutsa mwana wa munthu.

Ndinkakudani pang'ono. Munkadziwa.

Chaka chachitatu nthaka inagwedezeka usiku,
mabuku kugwa ngati matalala,
magetsi a padoko onse thimu.
Kutacha munatitengera m'tchalitchi, ife asanu ndi awiri,
kukayeza mng'alu wochokera pawindo
mpaka kuphazi kwa Yosefe Woyera.
Ndinagwira tepi manja akunjenjemera.
Munati, khoma lililonse limang'aluka tsiku lake likakwana,
funso n'lakuti, kodi likunyamulabe denga?
M'kope ndinalemba manambala okhaokha.
Kopelo linatayika kalekale.

Ndisaiwale Mayi Eduvigis a m'laibulale,
amene ankachita ngati sakuona
ndikagona kuseri kwa mashelefu mwezi umene lendi inandikanika.
M'mawa ndinkapeza fulasiki ya tiyi kumutu kwanga.
Sanandifunsepo kanthu,
inenso zikomo wanga ndinamusunga mpaka anandichedwera.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri zapita.
Ndamanga milatho khumi ndi umodzi kummwera,
kumene mvula sidziwa kalendala.
Makontilakita amati ndine wovuta,
amati simenti yochepa pang'ono siipha munthu.
Ndimangowayang'ana, inki yanu ili m'maso mwanga.

Baltasar wanga anatisiya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Za zimenezo sindilemba zambiri.
Zaka zinayi ndinkalambalala tchalitchi
ngati nyumba ya munthu amene anandibera.
Korona wa amayi ndinamutsekera m'bokosi la misomali.

Ndiye tsiku lina, pansi pa mlatho wa ku Cholchol,
madzi ali m'mawondo, chala chili mu mng'alu wa chipilala,
ngolo ya nkhuni ikudutsa pamwamba panga gudugudu,
funso lanu lija linandipeza.
Likunyamulabe?
Ndinaima nthawi yaitali, kuzizira kukukwera m'mafupa.
Ndinayankha kuti, pang'ono.
Lamulungu lotsatira ndinakhala pabenchi yakumapeto,
pafupi ndi chitseko, osaimba nawo.
Mpaka lero ndi pomwe ndimakhala.

Sabata yatha ndinakweranso phiri lija.
Mawondo anadandaula masitepe onse.
Ophunzira ali pakapinga, maso pa mafoni,
palibe wondidziwa, ndipo zinandikomera.
Mng'alu uja anaumata, anapakapo laimu,
koma wodziwa pouyang'ana amauonabe,
kanjira kopyapyala kotsikira kwa Yosefe.

Dzina lanu analizokota pamwala pabwalo,
n'kuphonya chilembo chimodzi.
Ndinaseka ndekha mpaka misozi, Bambo,
dzanja likufufuza cholembera chofiira m'chikwama.

Ndinachipeza, koma ndinachisiya momwemo.
Ndinangopukuta fumbi la pamwalapo ndi mpango,
n'kunena zikomo mokweza,
wanu ndi wa Mayi Eduvigis pamodzi,
belu la masana lisanayambe.